Tikukangana za kufupika kwa siketi ya neti, ine ndikuopa moto

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya madiresi a neti amene ana aakazi akuvala masiku ano pa maukwati, pa maphwando a tsiku lobadwa ndi pa mwambo wotsazikana ku sukulu za mkombaphala. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina kuno ku Kasungu boma, ndipo nyengo ya maukwati ikafika ntchito yanga yambiri ndi imeneyi. Mayi amabwera ndi chithunzi pa foni n'kunena kuti, "Mundisokere ngati iyi, koma itukumuke bwino." Kwinaku agogo ndi akuluakulu a mpingo akudandaula kuti tikuvula ana, siketi yosafika m'mawondo ndi chilendo. Dandaulo lawolo ndimalimva ndipo sindilipeputsa. Ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbukira lamulo la 1973 lija, loletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yoonetsa mawondo, ndiye nkhani ya kutalika kwa nsalu ili m'magazi mwathu. Chimene chikundipweteka n'chakuti mkangano wonse wathera pamenepo, pomwe choopsa chenicheni cha chovalachi palibe amene akuchitchula.

Siketi imeneyi eni ake amaitcha tutu. Ndi chovala cha gule wa ku Ulaya wotchedwa ballet, uja akazi amavina ataimirira ndi nsonga za zala zakumapazi. Guleyu anayambira m'nyumba za mafumu ku Italy, n'kukakulira ku France. Mfumu Louis XIV nayonso inkalowa m'bwalo, ndipo mu 1653 inavina itavala ngati dzuwa. Mu 1661 inakhazikitsa sukulu ya zovina ku Paris. Nthawi imeneyo kunalibe neti. Ovina ankavala zovala zakunyumba yachifumu, nsalu zolemera zopeta, tsitsi loikirira, zigoba kumaso ndi nsapato zazitali chidendene. Akazi atayamba kuvina ngati ntchito mu 1681, siketi zawo zinkakhwekhwereza pansi, moti phazi silinkaoneka n'komwe.

Amene anayamba kudula anali mayi wina dzina lake Marie Camargo, cha m'ma 1730. Iyeyu ankatha kudumpha n'kugundanitsa mapazi ali m'malere, luso limene anthu ankati ndi la amuna. Nanga luso limeneli likanaoneka bwanji litabisika m'kati mwa nsalu? Anafupikitsa siketi mpaka akakolo kuonekera, ndipo anthu anayankhula ngati mmene agogo athu akuyankhulira lero. Mu 1734 mnzake Marie Sallé anavina ku London atataya zitsulo zotukumula m'chiuno, atavala nsalu yopepuka, tsitsi atalimasula.

Tutu yeniyeni inabadwa mu 1832 ku Paris, pamene Marie Taglioni anavina La Sylphide. Anavala diresi yoyera yothina m'chifuwa, siketi yake ya nsalu yopyapyala yosanjikiza, yolekeza pakati pa bondo ndi kakolo. Ankasewera ngati mzimu wam'nkhalango, ndiye pankafunika kuti aoneke wopanda kulemera, komanso kuti anthu aone kuti waimadi ndi nsonga za zala. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ovina a ku Italy ndi ku Russia anali atafika pozungulira ndi mwendo umodzi mwaliwiro. Pierina Legnani ankazungulira maulendo 32 osaponda pansi ndi phazi linalo, ndipo anaonetsa zimenezi mu gule wotchedwa Swan Lake ku St Petersburg mu 1895. Mwendo wonse unayenera kumasuka, siketi n'kukwera, mpaka inasanduka ija yoima yokha m'chiuno ngati lichero.

Apa ndiye pamandisangalatsa ine wa singano, chifukwa anthu amaganiza kuti ndi kungokwinya neti pa lastiki basi. Ayi. Tutu yoima ija imakhala ndi mizere ya neti yolimba yokwana khumi kapena kuposerapo, mzere uliwonse wofupikirako kuposa wapamwamba pake, yonse yosokeredwa pa kakabudula kam'kati. Mu mzere wina wapakati amalowetsamo waya wozungulira kuti siketi isagwe. Akatero amalumikiza mizere yonse ndi ulusi pamanja, momasuka, chifukwa ukakoka kwambiri siketi imauma, ukalekerera imabalalika wovina akadumpha. Chapamwamba chimasokedwa pachokha ndi tizidutswa tambiri totsata thupi, ndipo kumsana saikako zipi. Amaika tingowe m'mizere iwiri kapena itatu kuti chovala chimodzi chikwane ovina osiyana thupi, ndipo mayina a amene anachivalapo amalembedwa m'kati. Posunga amachigoneka kapena kuchipachika chozondoka kuti neti isafooke. Ndi ntchito ya masabata. Mu 1950 telala wina wa ku New York, Barbara Karinska, anaona kuti ovina akayandikana mawaya aja amagundana n'kumagwedera, ndiye anachotsa waya, n'kuchepetsa mizere, n'kupanga tutu yofewa. Mayi ameneyu ndimamulemekeza, chifukwa anayang'ana kaye gule asanagwire lumo.

Ife a ku Kasungu zimenezi siziyenera kutidabwitsa. Amuna a mganda amavala kabudula ndi masokosi aatali chifukwa guleyo anatengera perete wa asilikali, ndipo sitepe iyenera kuoneka. Amayi a chimtali amamanga chitenje m'chiuno kuti chiuno chiyankhule. Chovala chimatsata gule. N'chifukwa chake pa nkhani ya kutalika ndimagwirizana ndi agogo pang'ono ndithu. Mwana womwaza maluwa pa ukwati sakukazungulira maulendo 32, ndiye palibe chifukwa chomuvekera siketi yolekeza m'ntchafu. Mayi akandifunsa maganizo, ndimamuuza kuti tiifikitse m'mawondo, ndipo ambiri amavomera.

Tsopano za moto. Nyumba zovinira za nthawi ya Taglioni zinkaunikidwa ndi nyale za gasi, zina zili pansi penipeni m'mphepete mwa nsanja, pomwe siketi imadutsa. Nsalu yopyapyala yosanjikiza imasunga mpweya pakati, ndiye ikangokhudza lawi imayaka yonse nthawi imodzi. Mu 1844 mtsikana wina wovina, Clara Webster, anapsa pamaso pa anthu ku London ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa. Mu 1859 boma la France linalamula kuti zovala zonse zapansanja zizinyikidwa m'mankhwala oletsa moto. Ovina ambiri anadana nawo mankhwalawo chifukwa ankaumitsa nsalu ndi kuithimbiriritsa. Mmodzi mwa okanawo anali Emma Livry, mtsikana amene Taglioni mwiniwake ankamuphunzitsa. Anachita kulemba kalata yoti avala siketi yake yosanyika ndipo chimene chingachitike chili pa iye. Mu Novembala 1862, akuyeserera gule ku Paris, siketi yake inakhudza nyale ya gasi. Anathamanga uku akuyaka mpaka munthu wina anamugwetsa n'kumukulunga ndi bulangete. Anavutika ndi mabala miyezi isanu ndi itatu, n'kumwalira mu Julayi 1863 ali ndi zaka 20.

Nkhani ya mtsikana ameneyu imandikhudza chifukwa anafera chinthu chimene makasitomala anga amandipempha tsiku ndi tsiku, chakuti nsalu iwale ndiponso itukumuke. Ku Ulaya magetsi atabwera, nyale za gasi zinachoka pansanja. Nanga kwathu kuno? Magetsi akazima timayatsa kandulo n'kuiimika pansi kapena pa katebulo kakafupi. Mbaula imakhala pakhonde, mwezi wa Juni ana amaizungulira kuotha. Pa ukwati wakumudzi mafuwa amakhala mbwee kuseri kwa nyumba, miphika ya nsima ndi nyama ili pamoto, ndipo ana ovala neti amathamangathamanga pomwepo kufuna agogo awo. Pa phwando la tsiku lobadwa timamuuza mwana kuti aweramire keke yoyaka makandulo, neti ili m'chifuwa ndi m'manja. Moto wathu uli pansi, pa msinkhu wa siketi ya mwana wa zaka zinayi.

Neti imene tikugula lero, ya pa mita ndi ya pa kaunjika yomwe, ndi ya nailoni kapena poliyesita. Imeneyi ikagwira moto imasungunuka n'kumadontha, ndipo zodonthazo zimamatirira pakhungu zikupitiriza kuotcha. Mayi akamakayika, ndimatenga kachidutswa kotsala podula, ndimatuluka naye panja n'kuyatsa machesi. Amaona yekha kakufota n'kusanduka phula lakuda kamphindi komweko. Palibe amene anaonapo zimenezi n'kundifunsanso chifukwa chake ndikuumirira zoika nsalu ya thonje m'kati.

Pempho langa loyamba likupita kwa matelala anzanga. Tisasoke neti yokhudza khungu la mwana. Tiike m'kati nsalu yochindikala bwino ya thonje, ngakhale chitenje, yotalika kufanana ndi netiyo. Thonje nalo limayaka, koma silisungunukira pathupi. Tichepetse mizere, iwiri kapena itatu yakwana, ndipo tileke zija za neti yolendewera m'manja ndi mchira wokhwekhwereza kumbuyo. Kumsana tiike chotsekera chomasuka msanga. Ndikudziwa kuti nsalu yam'kati imakweza mtengo ndipo kasitomala amatha kuthawira kwa mnzako wotchipa, koma tikamufotokozera mayi chifukwa chake, amamva.

Kwa makolo ndi a komiti ya ukwati, diresi imeneyi ikhale ya kutchalitchi, pojambulitsa ndi povina m'holo. Mwambo ukatha, mwana avule asanapite kumene kukuphikidwa, ndipo madzulo asagone nayo kapena kusewera nayo pafupi ndi kandulo, ngakhale alire bwanji. Pakhale munthu mmodzi wamkulu amene ntchito yake ndi kuyang'anira ana ovala neti, monga mmene timasankhira woyang'anira mbale ya perekaniperekani.

Ngozi ikachitika, mwana asathamange, chifukwa mphepo imakoleza moto. Mugwetseni pansi, mumugubuduze kapena mumufunditse bulangete lochindikala. Kenako thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20. Nsalu imene yamatirira pakhungu musaimatule, ndipo musapakepo mazira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano monga ambiri amachitira. Phimbani ndi nsalu yoyera bwino n'kuthamangira naye kuchipatala. Ndikupempha nyuzipepala yanu, akonzi, kuti nyengo ya maukwati isanafike mufunse anamwino ndi madokotala afotokozere anthu zimenezi m'Chichewa, ndipo atsogoleri a mipingo amene amalangiza za kavalidwe ka ana aziwonjezerapo mawu awiri okhudza moto.

Ine wanu,
Mayi telala,
Kasungu boma