Chiuno chikupweteka koma X-ray ikuti zonse zili bwino: tiwauze chiyani othamanga athu?

Okondedwa Alangizi,

Ndife aphunzitsi a anthu othamanga mitunda italiitali ndi osewera mpira wa miyendo. Chimene chatithetsa nzeru ndi chiuno chimene chimapweteka kwa miyezi 6, mwinanso chaka chathunthu, mwini wake atapita kale kuchipatala, atajambulidwa X-ray, n'kuuzidwa kuti mafupa ali bwinobwino. Amabwerako ndi mapiritsi ndi mawu akuti akapume. Akapuma masabata atatu ululu umazilala, koma akangoyambiranso kuthamanga umabwerera pomwe unali. Ndiye tithandizeni: pamene matenda sanapezeke dzina, munthu wotereyu apitirize kulimbitsa thupi mpaka pati, ndipo ndi liti pamene tiyenera kumuletseratu?

Tifotokoze kaye zimene timachita, kuti muone pamene tikulakwitsa.

Mawu akuti chiuno amabisa zambiri. Wina akanena chiuno akutanthauza pamphechepeche, wina m'mbali pafupa lotuluka lija, wina m'thako, wina m'munsi mwa msana. Choncho timayamba ndi kumuuza kuti aloze ndi chala chimodzi. Amene vuto lili mkati mwenimweni, pamene mutu wa fupa la ntchafu umalowa m'kabowo kake, kawirikawiri amalephera kuloza. Amangokunga dzanja ngati chilembo cha C, chala chachikulu kumbuyo, zinazo kutsogolo, n'kugwira m'mbali mwa chiuno akuti, "ndi mkati umu." Ameneyu amavutika povala sokosi, ponyonyomala, potsika m'galimoto, ndiponso akakhala nthawi yaitali pampando waufupi. Akagona chagada, wina n'kumupinda mwendo mpaka bondo lilunjike kumwamba, kulikankhira mkati cha ku mwendo winawo ndi kupotolera phazi kunja, amamva kubaya pamphechepeche pomwe pamamupweteka masiku onse.

Zikatere ambiri amaganizira za FAI, vuto limene fupa la ntchafu limagundana ndi mlomo wa kabowo kaja n'kumapana kachichereŵechereŵe kozungulira mlomowo. Akatswiri atagwirizana ku Warwick, m'dziko la England, mu 2016 ananena kuti dzinali liziperekedwa pokhapokha zinthu zitatu zikakumana: madandaulo a wodwala, zimene dokotala wapeza pomupima ndi manja, ndi zimene chithunzi chaonetsa. Mfundoyi timaiona yofunika kwambiri, chifukwa anthu ambiri amasewera amene samva kupweteka kulikonse amapezekanso ndi fupa lotundumuka kapena kachichereŵechereŵe kong'ambika akajambulidwa MRI, makina oonetsa ngakhale ziwalo zofewa zimene X-ray sionetsa bwino. Chithunzi pachokha chikhoza kum'pezera munthu matenda amene si omwe akumuvutitsa. Chikhozanso kuphonya amene alipodi.

Wa m'mbali ndiye timamuzindikira msanga. Sagonera mbali yopwetekayo, amadandaula pokwera masitepe kapena chitunda, ndipo ukadina pafupa lotulukalo amadzidzimuka. Akaima ndi mwendo umodziwo, ululu umabwera masekondi 30 asanathe. Apa nthawi zambiri ndi minyewa ya minofu ya m'thako imene yalema pamalo pamene imagwira fupa. Cholakwika chimene timachiona mobwerezabwereza ndi kudziwongola: munthu amapingasa mwendo wopweteka pamwamba pa unzake n'kumakoka mwamphamvu m'mawa uliwonse, poganiza kuti mnofu wakungika. Kukokako kumapanikizira mnyewa pafupa, ndiye umangoipiraipira. N'chimodzimodzi kukhala mopingasa miyendo, kapena kuima motsamira mwendo umodzi chiuno chitatulukira kumbali. Timawaletsa zonsezi, n'kuwauza azigonera mbali yabwino ataika pilo wonenepa pakati pa mawondo. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2018, wa anthu 204, anapeza kuti kuphunzitsidwa zoyenera kupewa pamodzi ndi mafizo a masabata 8 kunathandiza anthu ambiri kuposa jakisoni wa steroid (mankhwala ochepetsa kutupa), ngakhale atawaonanso patapita chaka.

Ululu wa m'thako wotsikira kuntchafu, makamaka wobwera ndi dzanzi, timaukayikira kuti ukuchokera kumsana. Osewera mpira ambiri vuto lawo limakhala minofu ya mkati mwa ntchafu, ndipo limaoneka akafinya chibakera pakati pa mawondo. Kwa amayi timafunsanso ngati ululuwo umayendera limodzi ndi msambo, poti ziwalo za m'mimba nazo zimatumiza ululu kumeneko.

Pali gulu limene sitilichedwetsa n'komwe. Wothamanga amene wawonjezera makilomita mofulumira, akumva kupweteka pamphechepeche kumene kumakula pamene akupitiriza kuthamanga, akutsimphina, sangadumphe ndi mwendo umodziwo, ndipo usiku kukumudzutsa, timamuimitsa tsiku lomwelo. Akhoza kukhala ndi mng'alu pakhosi pa fupa la ntchafu. Mng'alu wotere kawirikawiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyamba, ndipo ukapitirira fupa limathyoka n'kusuntha, magazi opita kumutu wa fupalo n'kusokonekera. Ali pachiopsezo chachikulu ndi amene amadya mosakwanira poyerekeza ndi mphamvu zimene akugwiritsa ntchito, makamaka atsikana amene msambo unasiya miyezi itatu kapena kuposa. Timathamangitsiranso kwa dokotala amene ali ndi matenda a magazi otengera kwa makolo otchedwa sickle cell, amene anamwa mankhwala a steroid nthawi yaitali, ndi omwa mowa kwambiri, chifukwa mwa iwowa mutu wa fupa umatha kufa posowa magazi, X-ray ikuonekabe yabwino pachiyambi. Kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda zimatiganiziritsa za TB ya m'mafupa kapena chotupa. Mwana wa zaka 10 mpaka 16 wotsimphina, ngakhale akuloza bondo, timafuna chiuno chake chipimidwe, poti ululu wa m'chiuno umatha kumveka m'bondo mokha.

Otsalawo, amene dokotala wawaona n'kuti palibe choopsa, ndiwo akutivutitsa mumtima. Kupuma kotheratu takusiya kuwalangiza, chifukwa minofu imafooka ndipo akabwerera chiuno chimalephera ntchito imene kale chinkaikwanitsa. M'malo mwake aliyense amasunga kakope. Amalembamo zimene wachita tsikulo, mphindi zingati, ndi ululu pamuyeso wa 0 mpaka 10, pochita masewera komanso m'mawa wotsatira. Timalola mpaka 3, bola asatsimphine ndipo ululuwo ubwerere pomwe unali maola 24 asanathe. Ukapitirira, timachotsa theka la ntchito ya tsiku lotsatira. Zitunda, liwiro ndi kutembenuka mwadzidzidzi ndizo timayamba kuchotsa, kuthamanga pang'onopang'ono pamalo athyathyathya n'kumatsala. Timafupikitsanso mapazi, chifukwa kuponya mwendo patali kumalemetsa chiuno. Wopalasa njinga timamukwezera chishalo pang'ono kuti bondo lisamafike pafupi ndi chifuwa.

Zolimbitsa minofu timachita katatu pasabata, n'kudumphitsa tsiku pakati. Poyamba ndi kugona chagada, mawondo opinda, kudzutsa matako n'kugwira masekondi 30, kasanu. Kenako kuima ndi kukankhira mapazi kunja pansi osawasuntha, kukwera ndi kutsika sitepe yaifupi ka 10 maulendo atatu, bondo lili molunjika ndi chala chachiwiri cha phazi, chiuno osagwera mbali imodzi. Kunyonyomala timakulekezera pamene kubaya kusanayambe. Ambiri amalephera pa zinthu ziwiri: amawonjezera zonse nthawi imodzi tsiku limene amva bwino, kapena amagwa ulesi pa sabata yachitatu, chonsecho minyewa imafuna masabata 12 kapena kuposa kuti isinthe.

Tsono pamene tikufuna nzeru zanu ndi apa. Munthu akachita zonsezi mokhulupirika kwa miyezi itatu popanda kusintha, apemphe chiyani akabwerera kuchipatala? Tikudziwa kuti pali kajambulidwe ka X-ray kotchedwa Dunn kamene kamaonetsa bwino khosi la fupa, ndiponso jakisoni wochititsa dzanzi wobayidwa mkati mwa chiuno, molumikizira mafupa muja: ululu ukatha kwa maola ochepa, ndiye kuti gwero lili mkatimo. Kodi wodwala angapemphe yekha zimenezi popanda kuoneka ngati akuphunzitsa dokotala ntchito? Nanga kumene MRI sikupezeka msanga, kodi n'koyenera kuti amene tikumukayikira mng'alu ayambe wayendera ndodo podikira, ndipo kwa masabata angati?

Za mapiritsi nazonso zatidetsa nkhawa. Ena akumwa ibuprofen kapena diclofenac asanayambe kuthamanga, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi. Mankhwalawa akamwedwa motere amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba, makamaka thupi likataya madzi ambiri, komanso amaphimba ululu umene timadalira poyeza ntchito. Ife si madokotala, ndipo tikawaletsa amati tilibe chifundo. Tiwauze kuti malire ake ndi masiku angati?

Chomaliza ndi chimene chimatipweteka kwambiri kuchiona. Munthu amene matenda ake alibe dzina, anzake amayamba kumunena kuti ndi waulesi kapena akuthawa mpikisano, mwini wakenso n'kuyamba kudzikayikira. Amasowa tulo, ndipo kusagona kumakulitsa ululu. Ena amasiya kubwera kubwalo, ena amabisa n'kumathamanga akukukuta mano. Ife timayesetsa kuti asachoke pagulu, timawapatsa ntchito yosunga nthawi kapena kusambira m'malo mothamanga, koma mawu oti tiwauze amatithera. Kodi munthu wodwala chaka chathunthu, amene wauzidwa kangapo kuti palibe chapezeka, tingamulimbitse mtima bwanji popanda kumulonjeza tsiku lochira limene sitingalitsimikize? Ndipo ndi zizindikiro ziti zimene zingatiuze kuti akufunika kuonana ndi mlangizi wa zamaganizo, kuwonjezera pa dokotala wa mafupa?

Tikudikira yankho lanu.

Ndife anu,
Aphunzitsi a othamanga ndi osewera mpira