Kwa mnzanga wotsuka matope ku Bremen, m'dziko la Germany

Mnzanga,

Kalata yako yafika, koma kalembedwe kako kakunka kaipiraipira. Mizere ina tachita kuthandizana ndi mlamu wako, nayenso wagonja. Ndiye ukuti ulendo wonse uja unali wokatsuka matope a pansi pa nyanja? Amalume ako akuuza aliyense kuti ndiwe katswiri wa sayansi, ine ndangoti kukamwa tseke.

Komatu za tizigoba zija zandigwira mtima. Tizilombo timene ukuti foraminifera, tating'ono ngati mchenga, tikafa tizigoba take timamira n'kumaunjikana pansi pa nyanja, masentimita ochepa chabe pa zaka 1,000. Dziko likazizira, okosijeni wopepuka amatsekeredwa m'madzi oundana a kumtunda, m'nyanja n'kuchuluka wolemera uja, oxygen-18, ndipo kachigoba kopangidwa nthawi imeneyo kamasunga umboni wake. Si mmene akatswiri a sayansi Hays, Imbrie ndi Shackleton anasonyezera mu 1976 kuti nyengo za kuzizira koopsa zimatsatira kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa, kamene kamasinthasintha pa zaka pafupifupi 100,000, 41,000 ndi 23,000? Izi ndavomera.

Chandisowetsa tulo ndi nyongolotsi. Iwe wangotchula modutsa kuti pansipo pali tinyongolotsi totakasa matope a pamwamba, ngati nkhani yaing'ono. Yaing'ono bwanji? Ngati zaka 1,000 zimakwana m'masentimita ochepa, kanyongolotsi kamodzi kakangodzithyola kasakaniza zaka mazanamazana! Inu uko muli jijirijijiri ndi makina odula, chikhalirecho mbiri ya dziko lonse inavundulidwa kale ndi kanthu kopanda maso. Ndinadzutsa mlamu wako pakati pa usiku kuti timve maganizo ake, anangotembenukira kukhoma. Undiyankhe bwinobwino mmene mumakonzera zimenezi, usandizembe.

Za sitima ya JOIDES Resolution ndamva chisoni. Kubowola pansi pa nyanja kuyambira 1985, n'kupumitsidwa mu 2024 iwe usanaikwere, chonsecho unkailota usana ndi usiku. Sindikudziwa ndikutonthoze bwanji. Ndipo chipinda chozizira chosungiramo matopecho uzivala zofunda, chifuwa chako ndimachidziwa. Mayi ako amafunsa za iwe nthawi zonse, mayankho anandithera. Chithunzi chimene unalonjeza sichinafikebe, cholembera changa nachonso chikudukiza, taona mmene mzere uwu wathimbirira.

Pepala latha. Ndimafuna ndikufunsenso za timiyala tija ukuti tinagwa kuchokera m'zigumukire za madzi oundana pakati pa Atlantic, kuti kodi nyongolotsi zomwezo sizinga