Ana athu si katundu wa mu shapa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono kudzera mu nyuzipepala yanuyi za mmene ana akunyamulidwira mu shapa, zija anzathu ku Malawi amati minibasi. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ulongue kuno ku Angónia. Kwathu kuno ku Mozambique ana amatsekera sukulu kumapeto kwa chaka nkudzatsegulira Januwale akutha kapena Febuluwale akuyamba, ndiye tchuthi chathu chachikulu chimagwera nthawi ya mvula, nthawi yomweyo yopalira ndi kuthira feteleza, koma nanga titani poti ndi mpata wokhawo womwe munthu ungatenge ana kukawaonetsa abale. Chaka chino munda ndinasiyira bambo a kunyumba ine nkunyamula ana, ulendo wa ku Tete kwa akulu anga ku Matundo, kuchoka apo ku Songo kwa alamu, pomaliza ku Dedza kwa agogo awo.

Ulendo ngati ulendo unali wabwino ndipo sindikudandaula kuti tinapita. Wamng'ono wanga wa zaka 6 anali asanaonepo Zambezi, tikudutsa wapansi pa mlatho wa Samora Machel anandigwira chitenje mwamphamvu akufunsa kuti amayi madzi onsewa akupita kuti. Ku Tete anaphunzirako kupereka moni m'Chinyungwe kwa azisuweni awo, anadya nyama ya mbuzi ija yotchuka ya kumeneko, ngakhale kutentha kwake ana a kumapiri ngati athuwa usiku amangotembenuka osagona. Ku Songo mwana wanga wamkulu anaona ndi maso ake nyanja ya Cahora Bassa yomwe amangoiwerenga m'buku, ndi iyeyo amene anatiuza tonse kuti damu limeneli linabwerera m'manja mwa dziko lathu mu 2007 komanso kuti magetsi ambiri a pamenepo amagulitsidwa ku South Africa. Pobwerera alamu anatipatsira nsomba zouma za chicoa ndi kapenta wodzadza jumbo.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi mmene ana akunyamulidwira mu shapa nthawi ya tchuthi ikafika.

Kuchoka ku Ulongue kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200, si ulendo woti mwana wa zaka 10 akhale pamiyendo ya munthu. Ine podziwa zimenezi ndinalipira mipando itatu, wanga, wa wamkulu ndi wa wachiwiriyo, wamng'ono yekha ndiye ndinamufungata. Mtengo wake anali atakweza kale akuti ndi nyengo ya zikondwerero, sindinakangane nawo. Koma titafika pa mphambano ya Mussacama pomwe msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè, panali anthu ambiri akudikira, kobradolo, kondakitala wotolera ndalama uja, anangotsegula chitseko nkuuza mwana wanga kuti iwe dzuka ukhale pa miyendo ya mkulu wakoyo. Ndinati achimwene mpando umenewo ndalipira, iye akuti mayi mwana sakhala ndi mpando, ngati simukufuna tsikani pompano. Munthu ungatsike pati ndi ana atatu ndi zikwama mvula ikuoneka kuti ikubwera? Ndalama sanabweze. Galimoto ya anthu 15 tinalimo oposa 20, kuphatikizapo thumba la mbatata ya kachewere lomwe analiika pamapazi athu moti mwendo sumatha kuusuntha.

Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti ukamatsika kuchoka kumtunda kwathu kuno kulowera ku Moatize mpweya umasintha, kumayamba kutentha ngati wayandikira ng'anjo. Zenera la mbali yathu linali lomangidwa ndi waya silimatseguka. Wamng'ono uja anayamba kutuluka thukuta lozizira kenako kusanza, ine ndikupempha adalaivala kuti imani pang'ono chabe mwana apume, iwo ngati sakumva, wailesi ili pamwamba. Anandithandiza ndi amayi ena achikulire omwe anakhala kumbuyo kwathu, ananyowetsa mpango wawo wa kumutu ndi madzi a m'botolo nkumamupukuta pankhope ndi m'khosi mpaka anakhalako bwino. Sindinawafunse ndi dzina lomwe, ngati akuwerenga kalatayi Mulungu awadalitse amayi amenewo.

Ngati kuti izi sizinakwane, titafika ku Moatize akuti galimoto yathera pano tikubwerera, chonsecho pokwera anatiuza kuti akukafika ku Tete. Tinalipiranso ina.

Ndikudziwa kuti mafuta anakwera, ndikudziwanso kuti anyamata amenewa madzulo amayenera kukapereka ndalama kwa mwini galimoto ndipo zomwe zatsala ndiye zawo, nawonso ali ndi ana ofuna makope ndi yunifolomu ngati anga omwe. Sindikuwada ayi. Koma mwana wolipiridwa mpando akhale pampando wake basi. Ndipo Disembala ndi Januwale ndi pamene msewu umaterera, maenje amabisika m'madzi, mathiraki a katundu akudutsa usana ndi usiku, ndiye ndi nthawi yomweyonso yomwe timadzaza ana athu mu galimoto ngati matumba a chimanga, tayala likaphulika mwana amene wakhala pamiyendo ya mnzake agwira chiyani?

Ulendo wa ku Dedza unali waufupi, pa malire a Calomue ndi pafupi ndi kwathu, kungoti tinapeza azisuweni awo atatsegulira kale sukulu poti kumeneko chaka chimayamba Seputembala ndipo tchuthi cha Khrisimasi nchachifupi, ndiye amaonana madzulo okha. Agogo anasangalala zedi, tsiku lililonse bowa ndi ngumbi, nthano usiku mpaka ana kugonera pamphasa. Koma tsiku lobwerera wachiwiri uja atangoona galimoto anandifunsa kuti amayi lero andidzutsanso? Funso limeneli ndi lomwe landisowetsa mtendere.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za maulendo ndi mabungwe a eni mashapa ndi loti mitengo yovomerezeka ilembedwe poonekera pa siteji iliyonse, kuti tchuthi chikafika munthu asamangotchula mtengo wa m'mutu mwake. Pakhalenso nambala ya foni yolembedwa mkati mwa galimoto yoti mayi ngati ine atha kuimba pomwepo zinthu zikavuta, ndipo oyang'anira pamsewu akaimitsa shapa asamangoona mapepala a dalaivala okha, asuzumireko mkati awerenge mitu, ya ana yomwe. Masabata awiri akubwerawa ana ambiri omwe anapita kumidzi ku Tsangano, ku Furancungo ndi ku Dómuè akhala akubwerera kuti adzayambe sukulu, ena akuyenda okha opanda wamkulu wowayankhulira, ndiye ngati pali choti chichitike chichitike sabata ino.

Mayi wa ana atatu,
Ulongue, Angónia