Lipoti la nthumwi ya anamwino atsopano a ku Kasungu pa msonkhano wa ntchito za ku fiyeta

A Wapampando, a komiti ndi anamwino anzanga nonse,

Monga mudandituma, ndidakakhala nawo pa msonkhano wa ku Lilongwe wokambirana mmene namwino amene wangomaliza kumene sukulu angayambire ntchito ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Kudafika anamwino, ogonetsa odwala ndi ma clinical officer a m'zipatala za boma ndi za mipingo (za CHAM) m'chigawo chapakati, ndipo zokambirana adazitsogolera masisitala amene akhala m'fiyeta zaka zambiri. Funso limene mudandipatsira lidali lakuti kodi munthu amene fiyeta adangoiona masabata ochepa ali kusukulu angavomere akamutumiza kumeneko. Adayankha kuti angavomere ndithu, malinga ngati pali wamkulu womuyang'anira, ndipo asayambire pa tebulo la zipangizo.

Watsopano ayambe ndi kutumikira kunja kwa tebulo. Ntchito yake ndi kulandira wodwala pakhomo, kumufunsa dzina kuti alitchule yekha, kuona ngati wasayinira chilolezo, kudziwa nthawi imene adadya komaliza, kutsegulira mnzake mapaketi popanda kukhudza zam'kati, ndi kulemba zonse m'buku. Akamachita zimenezi amakhala akuloweza maina a zipangizo ndi dongosolo la opaleshoni iliyonse. Popeza opaleshoni yochuluka m'zipatala za m'maboma ndi yothandiza amayi pobereka, adatilangiza kuti tiyambe kudziwa imeneyi bwinobwino, kenako ya chophukacho ndi zina. Kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kuvala gawuni ndi kupatsira zipangizo kumabwera pambuyo pake, wamkulu atayima pambali.

Pamene tidakhalitsa ndi pa kuwerenga zipangizo za opaleshoni, ndipo m'kuona kwanga apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Sisitala wina adayala nsalu pa tebulo, nkutenga paketi ya ma swab, tinsalu topukutira magazi pa opaleshoni, ndipo adakana kuwerenga ali opindikiza, ngakhale kuti papaketipo padalembedwa kale nambala. Adanyamula imodziimodzi, kuitambasula, kuionetsa kwa mnzake, onse awiri akutchula nambala mokweza, kenako mnzakeyo nkulemba pa bolodi. Adachita chimodzimodzi ndi singano, malezala ndi zopanira mitsempha. Kuwerengaku kumachitika asanayambe kucheka, asanatseke chiberekero, asanatseke m'mimba, ndiponso potseka khungu. Ngati nambala sikukwana, namwino amanena pomwepo kuti dokotala aime kaye, ndipo onse amafunafuna m'ndowa, m'nsalu zofunditsa wodwala, pansi pa tebulo ngakhalenso kunsi kwa nsapato, mpaka chosowacho chitapezeka. Swab yotsalira m'mimba imaola nkubweretsa mafinya, ndipo mayi amene adabwera kudzachira akhoza kubwerera kufiyeta kachiwiri, kapena kutisiya kumene.

Mtsikana wina wochokera ku Mchinji adafunsa zimene tonse tidali nazo mumtima, kuti mwana wa dzulodzuloli angamuuze bwanji munthu wamkulu, amene wachita opaleshoni zaka zambiri, kuti aime. Clinical officer wina wachikulire adamuyankha kuti iye maso ake amakhala pa bala ndi pa magazi, choncho amadalira namwino kuti amuonere zina zonse, ndipo namwino wokhala chete chifukwa cha ulemu amamuika m'mavuto. Ndidasangalala kuti mawu amenewa adachokera kwa wogwira mpeni mwini wake, chifukwa ambirife tidaleredwa kuti wamkulu sitimudula mawu, ndipo khalidweli sitingalisiye tokha ngati akuluakuluwo satilimbikitsa.

Adatikumbutsanso za ndondomeko ya mafunso 19 imene bungwe la WHO lidatulutsa m'chaka cha 2008, imene imaimitsa gulu lonse katatu: wodwala asanagonekedwe, asanachekedwe, ndiponso asanatuluke m'fiyeta. Itayesedwa m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo cha ku Ifakara m'dziko la Tanzania, zotsatira zimene zidatuluka mu 2009 zidaonetsa kuti imfa zidatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 peresenti. Pa kuima kwachiwiri aliyense amatchula dzina lake ndi udindo wake, ndipo amatsimikiza kuti mankhwala oteteza bala aperekedwa pasanathe mphindi 60 asanacheke. Watsopano amene watsegula pakamwa panthawi imeneyi savutika kuyankhulanso zinthu zikavuta.

Za kuphika zipangizo tidadutsa mwachangu. Makina a autoclave amaphika pa madigiri 121 kapena 134, tepi ya papaketi iyenera kusintha mtundu, ndipo paketi yonyowa kapena yong'ambika imabwezedwa, ngakhale magetsi atathima ndipo odwala ali pamzere. Wobayidwa mwangozi ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito anene nthawi yomweyo kuti ayambe PEP, mankhwala oteteza kutenga HIV, msanga, maola 72 asanathe, ndipo tonse tionetsetse kuti tidalandira katemera wa hepatitis B.

Si zonse zimene tidagwirizana. Ena adati ndi kuchepa kwa anamwino kumene kulipoku, nkosatheka kupatula munthu mmodzi kuti azingoyang'anira watsopano, makamaka usiku pamene amayi ochokera ku zipatala zazing'ono amafika ndi ambulansi atataya kale magazi. Vutoli ndi lenileni ndipo sindikulichepetsa. Komabe usiku womwewo ndi pamene anthu amakhala atatopa ndiponso akufulumira, choncho sindikuona kuti nkoyenera kuti namwino amene sadawerengepo swab pamaso pa wamkulu aikidwe yekha pa ndandanda ya usiku.

Potero ndikupempha komiti kuti ilembere kalata mkulu wa anamwino m'boma lino, kupempha kuti aliyense wa ife wotumizidwa ku fiyeta apatsidwe sisitala womuphunzitsa, amene adzasayine kuti wakhwima asanayambe kugwira yekha usiku. Ndikupemphanso kuti pa msonkhano wathu wa mwezi wamawa tidzaitane sisitala wa ku fiyeta kuti tidzayeserere kuwerenga ndi manja athu, ndipo tifunse ngati phunziroli lingalembedwe m'mabuku athu a CPD, olembamo maphunziro opitiriza a pa ntchito, amene bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limafuna pokonzanso ziphaso. Mapepala a ndondomeko ya WHO amene ndidabwera nawo ndawasiya kwa alembi kuti agawire aliyense.

Ine nthumwi yanu.