Dikoda pa intaneti: amisiri muzitiuza za bandulo

Akonzi,

Ndilore ndichenjeze anzanga amene ali ndi dikoda ya DStv Explora. Mwezi watha mnyamata wina anandilumikizira yanga ku rauta (kachipangizo kogawa intaneti) ya kunyumba, anangotenga chingwe cha Ethernet nkulowetsa kuseri kwa dikoda basi zatheka, poti Explora yakaleyi ilibe Wi-Fi yakeyake, pomwe yatsopano ya Explora Ultra ili nayo. Ndinasangalala zedi, mapulogalamu amene ndimaphonya magetsi akazima ndimakawapeza pa Catch Up, gawo la DStv loonerapo mapulogalamu amene anaulutsidwa kale. Koma abale, sanandiuze kuti zotsitsa pa intaneti zimadya bandulo, pomwe zojambula kuchokera ku dishi sizidya olo pang'ono. Ana anatsitsa makatuni, bandulo ya mwezi wonse inatha sabata imodzi, zinandiwawa kwambiri. Amisiri inu chonde muzitifotokozera zimenezi musanalandire ndalama. Panopa chingwecho ndimazula ndikamapita kuntchito.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe