Kalata yotseguka kwa Mkulu woona za usodzi: yambani mwawerenga nsomba musanathire zina

Bwana,

Ndikulemba m'malo mwa anzanga amene timawedza ndi mbedza pa nyanja yaing'ono imene ofesi yanu imayang'anira. Tamva kuti pali maganizo othiramo nsomba zachilendo zikuluzikulu kuti okonda kuwedza azibwera ambiri. Takondwa kuti nanunso mwaona kuti zinthu sizili bwino. Koma tikupempha kuti muyambe mwadikira, chifukwa mpaka lero palibe amene watiuza kuti m'madzimo mwatsala nsomba zingati, zamitundu yanji, nanga zazikulu bwanji.

Kuwerengako sikulira ndalama zambiri. Akatswiri amagwira nsomba, tinene 200, n'kuziika chizindikiro pa chipsepse, n'kuzibwezera m'madzi. Pakapita masiku angapo amagwiranso zina 200. Ngati 20 mwa izo zili ndi chizindikiro, ndiye kuti zoyamba zija ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, choncho m'nyanjamo muli nsomba pafupifupi 2,000 za mtundu umenewo. Pa nyanja yaikulu njirayi imavuta, koma pa yaing'ono imatheka. Njira ina ndi kaundula wa pa dooko: munthu wawedza maola angati, wapha zingati, zotalika bwanji. Tipatseni buku ndi rula, tizilemba tokha.

Kutalikako ndiye nkhani yeniyeni. Nsomba zikudyabe nyambo, koma zimene zikukodwa ndi ting'onoting'ono tokhatokha. Wina angaone ngati palibe vuto popeza n'zambiri. Ayi ndithu. Nsomba zazikulu zikamaphedwa mosalekeza, zotsalazo, makamaka za mtundu wa chambo ndi makumba, zimayamba kuswana zisanakule, ndipo nsomba yaikazi yaing'ono imaikira mazira ochepa kwambiri poyerekeza ndi ya msinkhu. Ndiye lamulo lisamangoletsa kupha ana ansomba. Liteteze ndi zikuluzikuluzo, kuti wowedza akakola mayi wamkulu azimubwezera. Ena mwa anzanga sagwirizana nane pamenepa, poti palibe amene amafuna kutaya nsomba yomwe wakhala akuiyembekeza tsiku lonse, koma nsomba yokodwa pa mlomo, ikachotsedwa mbedza msanga ndi manja onyowa, kawirikawiri imakhala ndi moyo.

Komanso nsomba zimene mukufuna kuthirazo zidzaswana pati? Zamphongo za mtundu wa chambo zimakonza zisa pa mchenga m'madzi osaya, zazikazi n'kumasunga mazira ndi ana m'kamwa. Khoka likakwekwereza pansi pamenepo limafafaniza zisa, limazula zomera, ndipo mayi akakodwa ana onse a m'kamwa mwake apita. Neti ya udzudzu ndiye imakokolola chilichonse. Mabango a m'mbali, momwe ana amabisala, akutenthedwa n'kusandutsidwa madimba. Kuchokera m'madimbamo mvula imakokolola dothi ndi feteleza, madzi n'kubiriwira ndi ndere. Masana ndere zimatulutsa mpweya wabwino, koma usiku zimaugwiritsa ntchito, ndipo madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. N'chifukwa chake m'nyengo yotentha mumaona nsomba zikupumira pamwamba m'bandakucha, nthawi zina n'kufa zambirimbiri usiku umodzi. Nsomba yogula kwina idzafanso chimodzimodzi.

Tsono za nsomba zachilendozo. Ku Kenya kuli nyanja ya Naivasha, yosaya, yosakula kwenikweni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anathiramo nsomba ya ku America yodya nsomba zinzake yotchedwa largemouth bass, cholinga chake chili chomwechi, chosangalatsa owedza. M'nyanjamo munali kansomba kakang'ono kachibadwidwe, ndipo kanaoneka komaliza mu 1962. Pambuyo pake munalowa carp, nsomba yofukula matope posaka chakudya, imene imazula zomera ndi kuvundula madzi, ndipo inachulukana mpaka kuposa zinzake zonse pa nsomba zophedwa. Mu 2001 boma linafika potseka usodzi pa nyanjayo kwa kanthawi. Ku nyanja ya Victoria nako, Nile perch, chinsomba chodya nsomba zinzake, imene inathiridwa m'zaka za m'ma 1950 inathandizira kutha kwa mitundu ya nsomba pafupifupi 200, chonsecho ndi nyanja yaikulu kuposa zonse mu Africa. Chikomekome cha mkuyu, Bwana. Nsomba yachilendo ikangokhazikika palibe ofesi imene ingaichotse, ndipo m'nyanja yaing'ono zachibadwidwe zilibe kothawira.

Sindikunena kuti kuthira nsomba n'koipa nthawi zonse. Kafukufuku akaonetsa kuti makolo atheratu, thirani ana a mitundu imene inalimo kale, ochokera ku maiwe oyezedwa matenda. Koma akaonetsa kuti makolo alipo ndithu, ndalamazo zipite kwa alangizi ndi olondera. Ubwino wa nyanja yaing'ono ndi woti bwato limodzi limatha kuizungulira, ndipo nsomba zambiri za m'madzi ofunda zimakula msanga, moti zikapatsidwa mpata kusintha kumaoneka pasanathe zaka zambiri.

Pa nyengo yotseka nyanja tili ndi dandaulo limodzi. Kutseka kuzigwirizana ndi miyezi imene nsomba za m'nyanjayi zimaswanadi, ndipo kuzikhudza aliyense. Zimapweteka kuona mnyamata akulandidwa mbedza masana pamene khoka likukokedwa usiku pa malo omwewo. Asodzi a maukonde si adani athu, nawonso ali ndi mabanja, choncho muwaitane pamodzi ndi ife pokhazikitsa malire a malo oswanirana ndi kukula kwa maso a ukonde.

Tikupempha kuti kuwerengako kuyambe nyengo yoswana ikubwerayi isanafike, ndipo zotsatira zake muzipachike pa dooko pomwe aliyense angawerenge.

Ine wanu,
Mmodzi mwa owedza ndi mbedza