Inu amene munatigulitsa spectrophotometer, bwerani mudzaone makina anu

Ndalemba poyera pano chifukwa pa WhatsApp mukungowerenga osayankha, ndipo tikaimba ku ofesi kwanu yankho ndi lomwelomwelo, lakuti abwana atuluka.

Labu yathu ndi yaying'ono, tili momuno mu Blantyre, ndipo timayeza madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Mu Marichi tinagula kwa inu spectrophotometer ya UV-Vis. Ndalama tinalipira zonse, warranty ya chaka munasayina nokha. Kwa amene simuwadziwa makinawa, amadutsitsa kuwala m'kabotolo kotchedwa cuvette, n'kuwerenga kuchuluka kwa kuwala komwe madziwo ameza. Kukamezedwa kochuluka ndiye kuti chomwe tikusakacho chilimo chambiri.

Mavuto anayamba tsiku lotsegula katoni. Pa quotation munalemba ma cuvette a quartz, ife tinapezamo apulasitiki. Nitrate, mchere woipitsa madzi akumwa, timayeza ndi kuwala kwa UV, kosaoneka ndi maso, pa 220 nm (nm ndi muyeso wosiyanitsa mitundu ya kuwala), kenako pa 275 nm kuti tichotsere zotsalira za zinthu zowola, ndipo pulasitiki wamba kapena galasi zimameza kuwala kwa UV kumeneko kusanafike n'komwe pa detector. Munati tidikire, forex kulibe. Tinachita kubwereka awiri kwa anzathu, ndipo tikuwagwira ngati mazira.

Pano nyale ya deuterium, yomwe imatulutsa kuwala kwa UV, yafooka miyezi inayi isanakwane. Timayatsa makina, kudikira theka la ola kuti atenthe, kuika blank (madzi oyera opanda chilichonse, distilled water), kudina zero. Ndikangotembenuka kuti nditenge sampulo, 0.000 ija yasanduka 0.030, posakhalitsa 0.070. Ma standard asanu, madzi omwe mlingo wa nitrate yake timaudziwa kale, sakupanganso mzere wowongoka. Koma iron pa 510 nm ndi phosphate pa 880 nm zikutuluka bwinobwino, poti kumeneko yogwira ntchito ndi nyale ya tungsten. Ndiye vuto lili pati, akuluakulu?

Technician wanu anabwera kamodzi. Anagwira cuvette mbali yoonekera, momwe mumadutsa kuwalamo, zala zili noninoni ndi mafuta a mandasi. Atatero n'kutiuza kuti vuto ndi magetsi athu. Makinawo ali pa UPS, batire yoteteza magetsi akavuta, chiwagulireni, iye anaiona ndi maso ake pansi pa tebulo.

Mufiriji muli mabotolo a madzi ochokera ku Bangwe ndi ku Chirimba, eni ake akuimba m'mawa uliwonse. Sampulo ya nitrate sichedwa, pakadutsa maola 48 ndi yotaya. Malire a nitrate a bungwe la zaumoyo la WHO ndi 50 mg pa lita, ndipo akapyola, woyamba kuvutika ndi khanda lomwe likumwa mkaka wosungunulira madzi omwewo. Ine sindingasayine lipoti pa manambala ovinavina chonchi.

Pofika Lachisanu bweretsani nyale yatsopano ndi ma cuvette a quartz aja. Technician abwere ndi potassium dichromate, mankhwala oonera ngati makina akuwerenga molondola, tiyese makinawo tonse tikuona. Ngati simungathe, dzatengeni makina anu mutibwezere ndalama zathu. Katoni yake tidakali nayo.